Likoma: kumene mphipi imakadya ku Mozambique n'kudzagona ku Malawi

Chinthu choyamba chimene foni yanga inachita m'bandakucha uja, Ilala ikuyandikira chilumba cha Likoma, chinali kundilandira m'dziko la Mozambique. Uthenga unalowa wakuti takulandirani, mitengo yoimbira foni muli kunja ndi yakutiyakuti. Ndinaseka ndekha. Pasipoti ndinali nditaisiya ku Lilongwe, ndipo bandulo ndinali nditangogula kumene pa Nkhata Bay madzulo ake. Mayi wina amene tinagona moyandikana pa matumba a ufa anasuzumira pafonipo n'kunena kuti, "Siinaname ayi, asisi. Madzi tikuyendamowa ali ndi eni ake."

Ankanena zoona mayiwo. Tsegulani mapu pafoni panupo, mukulitse pakati pa nyanja. Muona kuti mzere wa malire a Malawi ndi Mozambique ukudutsa m'madzi, ndipo Likoma ndi Chizumulu zili kutsidya kwa mzerewo, mbali ya anzathu. Ku Nkhata Bay ndi ulendo wa maola ambiri pa sitima, pamene mapiri a ku Cobue, ku Mozambique, ukaima pa Mbamba amaoneka ngati ungangotambasula dzanja n'kuwakhudza. Zinakhala chonchi chifukwa cha amishoni a Anglican a UMCA amene anaika likulu lawo pachilumbachi m'zaka za m'ma 1880. Atsamunda pogawana dera lino, Angerezi sanalole kutaya malo amene anthu awo anali atamangapo kale. Pangano la 1954 la Britain ndi Portugal ndi limene linaika malire pakati pa nyanja, n'kusiyira chilumba chilichonse mwa ziwirizi lamba wa madzi wa mamailosi awiri a panyanja kuchizungulira, omwe ndi makilomita osakwana 4. Ukapalasa kupitirira pamenepo, basi, wafika ku Niassa.

Ndinene chilungamo: sindinapite ku Likoma kukaona mbalame. Unali mwezi wa Novembala, ku Lilongwe kukutentha ngati m'ng'anjo, ndipo mnzanga amene akugwira ntchito pachilumbapo anali atandinyengerera kwa chaka chathunthu. Cholinga changa chinali kusambira, kudya mango ndi kujambulitsa patsogolo pa tchalitchi cha St Peter's, chija anayamba kuchimanga mu 1903 pa Chipyela n'kuchidalitsa mu 1911. Zonsezo ndinachita. Tchalitchicho n'chachikuludi, mpaka umadabwa kuti chinapezeka bwanji pa kachilumba ka masikweya kilomita 18 okha. Koma zithunzi zake mwaziona kale pa Facebook, ndiye ndisakutayitseni nthawi. Chimene chinandilanda ulendo wonse ndi funso lopusa limene ndinafunsa m'mawa wa tsiku lachiwiri.

Ndinadzuka molawirira kupita kugombe kukaona maboti akubwera kuchokera kokapha usipa. Usiku wake ndinali nditaona nyali zawo zitandandalika pamadzi ngati tauni ina yoyandama. M'mawa uno amayi anali akuyala usipa pa mathandala, ana akuthamangitsana ndi mabigiri, akakowa akuyendayenda m'munsi mwa mathandalamo mwaulemu wonse ngati anthu oitanidwa. Chapatali pang'ono panali miyala ikuluikulu yoyera pamwamba ngati yathiridwa laimu, ndipo pamiyalapo panali mbalame zakuda zambirimbiri, zina zitatambasula mapiko osauluka ayi. Pansi pa mtengo wa mango panali bambo wina wachikulire akusoka chilimira. Titapatsana moni ndinafunsa.

"Agogo, abakha akudawo ndi a ndani?"

Anaika kaye chosokera pansi kuti aseke bwino. "Mwana wanga, mwachokera kuti? Si abakha amenewo. Ndi mphipi."

Digiri yanga yonse inagwera mumchenga. Anandiuza kuti mphipi zilipo mitundu iwiri, yaikulu ya chifuwa choyera ndi yaing'ono yakuda yamchira wautali, ndipo kuti kutambasula mapikoko n'kuyanika. Nthenga za mphipi zimanyowa, mosiyana ndi za bakha zimene madzi amangotsetsereka. Kunyowako n'kumene kumaithandiza kumira msanga ikamathamangitsa nsomba pansi pamadzi, koma ikatuluka imayenera kudziyanika kaye ngati chitenje. Laimu uja wa pamiyala ndi zitosi za zaka ndi zaka.

Ndinawafunsa ngati amazikonda. Anagwedeza mutu mbali zonse ziwiri. Mphipi, anatero, ndi msodzi mnzawo, kungoti silipira laisensi ndipo sigula petulo. Nsomba zikachepa, munthu ukaiona ikumeza utaka pamaso pako mtima umawawa. Komanso mphipi yomweyo ndi imene imaulula pamene pali nsomba, ndipo msodzi wanzeru amayang'ana kumene zalunjika. Kenako analoza ndi mlomo kutsidya. "Zina mwa izi zikanyamuka pano, zikukadya uko. Madzulo zibwera kudzagona pamiyala yomweyi. Ife tikawoloka amatifunsa mapepala. Izi ndani angazifunse?"

Apa m'pamene ndinakumbukira dzina limene ndinaloweza ku koleji kuti ndingokhoza mayeso: Ramsar. Ndi mzinda wa ku Iran, m'mbali mwa nyanja ya Caspian, kumene pa 2 Febuluwale 1971 mayiko anasainirana pangano losamalira madambo, nyanja ndi malo ena a madzi. Dzina lake lonse limatchula mwachindunji kuti malowa ndi ofunika makamaka monga mokhala mbalame zam'madzi. Anthu amene analiyambitsa anaona chinthu chomwecho chimene agogo aja anandilozera ndi mlomo: mbalame imaswera dziko lina, imadyera lina, imapumira lina, ndiye dziko limodzi palokha silingaisunge. Ukasamala dambo lako koma mnzako n'kuumitsa lake, mbalame yako yatha. Lero mayiko oposa 170 ali m'panganoli, ndipo n'chifukwa chake pa 2 Febuluwale chaka chilichonse mumamva pa wailesi za tsiku lokumbukira madambo.

Dziko lililonse likamalowa limayenera kulembetsa malo amodzi kapena angapo pa mndandanda wa madambo ofunika padziko lonse. Malawi inalembetsa Nyanja ya Chilwa mu Novembala 1996, mahekitala 224,800, ndipo panganoli linayamba kugwira ntchito m'dziko muno mu 1997. Patatha zaka 20, mu 2017, tinaonjezera Elephant Marsh, dambo lalikulu lija la m'chigwa cha Shire pakati pa Chikwawa ndi Nsanje. Basi, awiri okhawo. Nyanja yaikuluyi, imene tili nayo m'nyimbo, m'mapositi ndi pa chilichonse chokopa alendo, mbali yathu palibe pa mndandandawo. Tili ndi Lake Malawi National Park ku Cape Maclear, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaizindikira mu 1984, koma ndi malo a masikweya kilomita 94 pa nyanja ya masikweya kilomita oposa 29,000.

Anzathu a ku Mozambique mu 2011 anachita zimene ife sitinachite. Analembetsa mbali yawo ya nyanja pamodzi ndi dera la m'gombe mwake, mahekitala oposa 1.3 miliyoni, kukhala malo a Ramsar, ndipo chaka chomwecho boma lawo linalengeza gawo la nyanjayo kukhala lotetezedwa, mothandizana ndi bungwe la WWF. Tanthauzo lake kwa munthu woima pa Mbamba ndi ili: mapiri ukuwaona patsidyapo, ndi madzi a kuseri kwa lamba uja wa mamailosi awiri, zili pansi pa pangano la dziko lonse. Mwala umene mphipi ikugonapo suli m'menemo. Mbalame imodzi yomweyo, masana ikudya m'malo a Ramsar, usiku ikugona kunja kwake.

Musandimve molakwa, Ramsar si mpanda wa waya ndipo si apolisi. Saletsa kusodza. Mfundo yake yaikulu ndi yakuti anthu agwiritse ntchito dambo mwanzeru, osalipha. Kulembetsa malo sikubweretsa ndalama pakokha, ndipo palibe amene amamangidwa dziko likanyalanyaza zimene linalonjeza. Chimene kumachita n'kukakamiza boma kunena pamaso pa mayiko ena kuti malo awa tikuwadziwa, tikhala ndi ndondomeko yowayang'anira, ndipo zinthu zikayamba kuonongeka tidzanena. Ena amati ndi mapepala chabe. Ineyo ndikuona kuti mapepala amenewo ndi amene amatsegula zitseko pofuna thandizo la kafukufuku kapena la anthu a m'mudzi. Komanso muli ndime ina, ya nambala 5, imene imati mayiko ogawana madzi amodzi azikambirana. Ndimeyo ikanakhala munthu, bwenzi kwawo kuli ku Likoma.

Tsiku lachitatu ndinayenda pansi kulowera kumwera kwa chilumba, ku mudzi wotchedwa Nkhwazi. Njira yake ndi ya malambe okhaokha. Sindinaonepo malambe ochuluka chotere pamalo amodzi, ena akulu ngati nyumba, mbuzi zitabisala mumthunzi wake. Ndipo mudziwo sunanamize dzina lake. Ndisanafike n'komwe kugombe ndinamva kulira kuja kumene aliyense amakudziwa ngakhale sanafikepo kunyanja. Zinali ziwiri pamtengo umodzi, ina yokulirapo, imene ndi yaikazi, zikuponya mitu chagada polira. Nkhwazi imamanga chisa chachikulu pamtengo wautali n'kumabwererako chaka ndi chaka, ndipo ngakhale timaipatsa ulemu pa chizindikiro cha dziko lathu ndi pa ndalama yachitsulo ya K1, ndi mbava yotheratu: ikaona mbalame ina yagwira nsomba imailanda. Anzathu a ku Zambia anaiika pa mbendera. Mwina sanaione ikuba.

Koma mbalame imene inandikhazika pansi tsiku limenelo si nkhwazi. Kanali kambalame kakang'ono, kabulauni pamsana, koyera kumimba, kakuyenda kokha m'mphepete mwa madzi pamene funde limathera. Kakaima, mchira wake sumaima, umangogwedezeka m'mwamba ndi pansi ngati kakumva nyimbo imene ife sitikuimva. Nditayandikira kanauluka motsika kwambiri, mapiko ataumitsa, kakulira mokweza, n'kukatera pamwala wina patsogolo. Ndinakajambula, chithunzi chosaoneka bwino, ndipo madzulo netiweki itabwera ndinakafufuza. Mabuku a Chingerezi amakatchula common sandpiper. Kamalemera magalamu 50 kapena kuposera pang'ono, ngati dzira la nkhuku. Ndipo sikaswera kuno. Kamaikira mazira m'mbali mwa mitsinje ya ku Ulaya ndi kumpoto kwa Asia m'miyezi imene kumeneko kukutentha, kenako chisanu chikamayandikira kamanyamuka kubwera ku Africa.

Ndinayeza pamapu kuti ndimvetse. Kuchokera ku Moscow kufika pa Likoma, mzere wowongoka, ndi makilomita pafupifupi 7,500. Ine ulendo wa pa basi kuchokera ku Lilongwe kufika ku Nkhata Bay ndinafika msana ukuwawa, ndikudandaula pa WhatsApp njira yonse. Aka kadzira ka nkhuku kamayenda mtunda woterowo kawiri pachaka, ndipo paliponse pamene kamatera panjira pamafunika pakhale matope, tizilombo ndi mtendere. Dambo limodzi la ku Middle East kapena la m'mbali mwa Nile likauma kapena likasanduka fakitale, gombe la ku Nkhwazi limachepekedwa mlendo, ife osadziwa chifukwa chake.

Mbalame zoyenda maulendo otere zili ndi pangano lakelake, lotchedwa AEWA, logwirizanitsa mayiko a mu Africa, ku Ulaya ndi mbali ina ya Asia. Linamalizidwa ku The Hague mu 1995, linayamba kugwira ntchito mu 1999, ndipo ofesi yake ili ku Bonn, ku Germany. Limakhudza mitundu 255 ya mbalame zodalira madzi: adokowe, akakowa, abakha ndi atsekwe am'tchire, avuwo, mphipi, ndi timbalame ta m'gombe ngati kanga kaja. Nkhwazi pa mndandandawo palibe, poti iyo ili m'gulu la mbalame zolusa. Mayiko olowamo amalonjeza kuteteza malo amene mbalamezi zimatera, kuika malire pa kasakidwe kake, ndi kusiya zipolopolo za mtovu m'madambo chifukwa abakha amazimeza n'kufa ndi poizoni. Malawi inalowa mu 2019, patatha zaka 20 panganoli likugwira kale ntchito. Tinachedwa, koma tinalowa. Russia, kumene mbalame zambiri zobwera kuno zimaswera, mpaka pano si membala.

Ndili pamwala paja ndikuyang'ana kambalameko, panafika kamnyamata ka zaka ngati 10, legeni ili m'khosi, matumba a kabudula atalemera ndi miyala. Kanaona kumene ndikuyang'ana, n'kuyamba kuvula legeni.

"Iwe, usakagende!"

"Bwanji anti? Ndi kanu?"

Ndinasowa choyankha. Kanali kanga? Ka Malawi? Ka Russia? Ndinayamba kumufotokozera za ulendo wa makilomita zikwizikwi, ndikumuonetsa mapu pafoni, chala chikuyenda kuchokera pamwamba mpaka pansi. Anamvetsera ndithu, maso ali pafoni osati pa ine. Nditamaliza anati, "Ndiye kali ndi nyama yochepa, kaonda ndi ulendo." Anabweza legeni m'khosi, osati chifukwa cha AEWA ayi, koma poti kanali kataulukira kutali tikulongolola.

Ndakhala ndikumuganizira mwana ameneyu. N'kosavuta kwa ine, wodya katatu patsiku, kukuwa kuti usagende. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 14,000 m'boma la Likoma, kuphatikizapo Chizumulu, ndipo nthaka yake ndi yamiyala ndi mchenga, chinangwa ndiye chimayesako. Ufa wambiri umabwera pa sitima kapena kuchokera kutsidya. Ndiwo ndi nyanja. Nyanja ikakana, munthu amayang'ana china chilichonse chokhala ndi nyama. Pangano limene silikuyankha funso la ndiwo lidzakhala lokongola ku Bonn kokha.

Ku Chilwa nkhani imeneyi anakumana nayo maso ndi maso. Nyanja ija ndi yosaya ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi, choncho imaphwa nthawi ndi nthawi: inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 tonse tinaona zithunzi za mabwato atagona pa matope ong'ambika. Matemba akasowa, anthu amatembenukira ku mbalame. Kafukufuku wa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anapeza kuti mbalame pafupifupi 1.2 miliyoni zinkagwidwa kumeneko m'chaka chimodzi, zambiri mwa izo m'misampha. Yankho silinali kutumiza asilikali. Osaka mbalamewo anakhazikitsa makalabu awo, mothandizana ndi bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi ndi bungwe la alenje la ku Denmark, n'kugwirizana za malo ena osasakamo ndi nyengo yosiya kusaka mbalame zikamaswa. Tangoganizani, alenje a ku Ulaya kudzakhala pansi ndi otchera misampha a ku Zomba ndi Machinga. Si kuti zonse zinayenda bwino mpaka kalekale, mapulojekiti kwathu kuno timawadziwa mmene amafookera ndalama zikatha. Koma chimene chinandigwira mtima n'chakuti amene amadya mbalamezo ndi amene anapatsidwa mpando, osati kungouzidwa.

Ku Likoma vuto lalikulu la mbalame si legeni. Ndi nsomba ndi mitengo. Tsiku lina madzulo ndinaona anyamata awiri akukoka neti ya udzudzu m'madzi osaya, ndipo zimene zinatulukamo zinali tinsomba tosakwana chala, tina tosaoneka n'komwe kuti ndi mtundu wanji. M'madzi osayamo ndi mmene nsomba zimakulira, ndi mmenenso kakowa ndi nantchengwa amadyera. Za nantchengwa, mayi wa panyumba imene ndinkagona anandiuza kuti iye yekha ndiye palibe mwana amene angamugende, makolo analetsa kalekale, ndipo chisa chake chachikulu chija palibe amene amachiphwasula. Lamulo limenelo silinasainidwe kulikonse koma likugwira ntchito kuposa ena a m'mabuku. Pamiyala ya pachilumbachi palinso kansomba ka buluu kamizeremizere kamene amakagulitsa m'masitolo a nsomba zoweta ku Ulaya ndi ku America ndi dzina lakuti maingano. Mwachilengedwe kamapezeka pa Likoma pokha padziko lonse. Anthu akunja akukadziwa kuposa ife.

Nkhani ya mitengo ndinaiona pa Mbamba, maboti a matanga akutsitsa mitolo ya nkhuni kuchokera kutsidya. Malambe sapereka nkhuni zabwino, ndipo mango palibe angadule mwachisawawa, ndiye moto wambiri wa pa Likoma umayaka ndi mitengo ya ku Mozambique. Nsima imene ndinadya sabata yonseyo mwina inaphikidwa ndi mtengo wochokera m'dera lomwe lija la Ramsar. Mitengo ya m'gombe ikatha, nkhwazi imasowa pomanga, ndipo mvula imakokolola dothi kulowa m'nyanja n'kukakwirira miyala imene nsomba zimadyapo ndere. Sindikunena izi poloza chala mayi wophika kapena bambo wogulitsa nkhuni. Ndikungoti chilumbachi chikudya kale m'mbale imodzi ndi tsidya linalo, kaya maboma alemberana kapena ayi.

Ndipotu anthu ake anayamba kalekale kuchita zimene mapangano akupempha. Mnyamata wa boti amene ananditenga kuzungulira chilumba anandiuza kuti agogo ake aakazi ndi a kutsidya, ndipo maliro akagwa uko boti limadzadza kuno. Odwala a ku Cobue ndi midzi yoyandikana amawoloka kudzalandira thandizo pa chipatala cha St Peter's. Nthawi ya nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, ambiri anathawira pachilumbachi. Chinyanja chake n'chimodzi mbali zonse ziwiri. Ndinamufunsa ngati anamvapo za Ramsar.

"Ndi bungwe lobwereketsa ndalama, asisi?"

"Ayi achimwene, ndi pangano losamalira nyanja. Madzi tikupitawa, tikangodutsa pang'ono, ali m'menemo."

Anayang'ana madziwo kwa kanthawi, ngati akufuna kuona pamene mtundu wake ukusinthira. "Ndiye bwanji sanatiuze?"

Funso limenelo ndilibe nalo yankho lokoma. Mu Julaye 2025 msonkhano waukulu wa mayiko a Ramsar unachitikira pafupi pompano, ku Victoria Falls, ku Zimbabwe. Nthumwi zinakambirana kwa masiku ambiri, zikalata zinatuluka. Koma pakati pa chipinda cha msonkhano ndi boti la mnyamata uyu pali mtunda wautali kuposa wa kambalame kaja. Kumbali yathu kuli makomiti a m'magombe, ma BVC, ndipo kutsidya kulinso makomiti a asodzi a m'midzi. Ndikanakhala ndi mphamvu, mgwirizano wa mayiko pa nyanja ino ndikanauyambira pamenepo: anthu a makomiti awiriwa akhale pansi pa mtengo umodzi, agwirizane za maukonde oletsedwa ndi malo oswera nsomba, kuti wothamangitsidwa uku asamakapezeke akukoka neti yomweyo uko. A ku malikulu abwere pambuyo kudzasaina.

Nyanjayi ndi ya mayiko atatu, ndipo ngakhale dzina silinagwirizanidwe: ife timati Malawi, a ku Mozambique amati Niassa, a ku Tanzania amati Nyasa, ndipo mkangano wathu ndi Tanzania pa za malire a kumpoto sunathe. Koma madzi ake samva zimenezo. Mtsinje umene umathira madzi ambiri m'nyanjayi ndi Ruhuhu, wa ku Tanzania, ndipo potulukira ndi pamodzi pokha, Shire. Mu 2024 nyanja itakwera n'kumeza magombe ndi nyumba m'malo ambiri, madziwo anali a mvula ya mayiko onse atatu. Gombe likamira, kambalame koyenda m'mphepete kaja nako kamasowa poponda.

Pali chinthu chimodzi chimene ine ndi inu, ogwira mafoni, tingathe osadikira nduna. Kuti malo alembedwe pa mndandanda wa Ramsar chifukwa cha mbalame, pamafunika umboni: mwina kuti pamakhala mbalame zam'madzi 20,000 kapena kuposa kawirikawiri, mwina kuti pamapezeka gawo limodzi mwa magawo 100 a mbalame zonse za mtundu wina. Palinso njira ya nsomba, imene nyanja yathu singalephere. Koma umboni wa mbalame umachokera ku kuwerenga, ndipo kuwerengako kumachitika ndi anthu wamba. Kuyambira 1967 pali kalembera wa mbalame zam'madzi wa padziko lonse amene bungwe la Wetlands International limatsogolera mwezi wa Januwale chaka chilichonse, ndipo ambiri owerengawo ndi odzipereka chabe, munthu ndi kope lake m'mbali mwa dambo. Masiku ano pali apu ya eBird imene umalembamo mbalame imene waona, malo ake ndi tsiku, n'kutumiza netiweki ikapezeka. Ndinalembamo mphipi 63 za pamiyala ija. Ndinawerenga katatu, ndipo katatu konse ndinapeza nambala yosiyana chifukwa sizikhala phee, ndiye ndinatenga yapakati.

Agogo aja nditawauza kuti ndawerenga mphipi zawo anandiyang'ana ngati ndapenga pang'ono. Kenako anati ndinawerenga nthawi yolakwika, ndikanabwera dzuwa likulowa zonse zitabwerera. Anayamba kunditchulira miyala imene zimagona, miyezi imene zimachuluka, ndi mitengo imene nkhwazi zinkamangamo iwo ali mnyamata koma pano palibe. Zonsezi zili m'mutu mwawo, ndipo palibe amene anabwerapo ndi kope kudzawafunsa. Ndinalemba zimene ndinatha, foni ili pa 9 peresenti.

Tsiku lonyamuka, tikudikira sitima, wina anakuwa kuti nkhungu. Kutali pamadzi panali ngati utsi wakuda ukukwera m'mwamba, mizati itatu kapena inayi, ngati nyanja yapsa. Ndi tizilombo ting'onoting'ono touluka timene timaswera pansi pamadzi n'kutuluka nthawi imodzi mamiliyoni osawerengeka. Mphepo ikatikankhira kumtunda amayi amatiwakha ndi malichero onyowa n'kuumba timikate takuda ta ndiwo. Tsiku limenelo mphepo inatikankhira kwina, cha ku Cobue, ndipo amayi amene anali atatulutsa kale malichero anawabweza akudandaula. M'mbali mwa utsiwo munali timadontho toyera tikuzungulirazungulira, mbalame zikudya. Zinali kutali kwambiri moti sindikanatha kuziwerenga, ndipo mnyamata wa boti uja, amene anali atandinyamulira chikwama, anati pamene zilipo m'pakati penipeni, sangalumbire kuti ndi mbali iti.